Mphunzitsi wa ku Malo amene anakakhazikika ku Reading

Chomwe chinandikoka poyamba ndi dzina la tauni, ndisaname. Ndinkafufuza zina pa intaneti zokhudza anthu omasulira mabuku, nde ndikungoona alemba kuti bambo wina anabadwira ku Malo. Ine nkumati malo ake ati? Nditawerenganso ndi pomwe ndinazindikira kuti Malo ndi dzina la tauni yeniyeni, ili kumpoto kwa Italy m'chigawo cha Veneto, kufupi ndi mzinda wa Vicenza, m'munsi mwa mapiri. Bambowo ndi a Luigi Meneghello, anabadwa mu 1922 nkumwalira mu 2007, ndipo zaka zoposa 30 anazithera pa yunivesite ya Reading ku England akuphunzitsa Chitaliyana ndi mabuku ake. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga za iwo pang'onopang'ono, ndipo pali china chake pa moyo wawo chomwe sichikundichoka m'mutu, nde ndati ndichilembe pano.

Ine ntchito yanga ndi yomasulira. Si mabuku ayi, ndi zikalata, malipoti, timapepala ta misonkhano, zilizonse zomwe zabwera tsiku limenelo. Tsiku ndi tsiku ndimakhala pakati pa zilankhulo ziwiri ndipo ndikudziwa mmene mawu amafera m'manja ukamawasamutsa, walemba zolondola ndithu, palibe angakutsutse, koma ukawerenga mokweza ukumva wekha kuti mulibe mpweya. Bambowa anakhala pakati pa zilankhulo zitatu moyo wawo wonse, nchifukwa chake ndikawerenga za iwo ndimatchera khutu.

Zitatu bwanji? Apa mpofunika kumvetsa kaye kuti ana a ku Malo a nthawi imeneyo sankakula akulankhula Chitaliyana. Chomwe ankayamwa ndi chilankhulo cha kumudzi, cha dera la Vicenza, chomwe anthu ankalankhula pamsika, kutchalitchi panja, posewera, pokangana, koma palibe ankachilemba. Chitaliyana ankakumana nacho kusukulu. Katswiri wa zilankhulo Tullio De Mauro anawerengetsera kuti pomwe Italy imakhala dziko limodzi mu 1861, anthu pafupifupi 2.5 okha pa 100 alionse ndi omwe ankatha kulankhula Chitaliyana, ena amati chiwerengerocho chinali chokwererako mwina kufika 10, koma kaya ndi 2.5 kaya ndi 10 nkhani ndi yomweyo, anthu ochuluka ankalankhula za kwawo. Pofika m'ma 1920 zinthu zinali zitasinthako koma m'matauni ang'onoang'ono ngati Malo moyo wonse unkayendabe m'chilankhulo cha kumudzi.

Ndiye onjezanipo ichi. Chaka chomwe a Meneghello anabadwa, 1922, ndi chomwe Mussolini anatenga boma. Pafupifupi sukulu yawo yonse kuyambira pulayimale mpaka yunivesite ya Padova komwe anakaphunzira filosofi, anaiphunzira pansi pa ulamuliro wa chipani cha Fascist, ndipo ulamuliro umenewo sunkafuna zilankhulo za kumudzi, unkafuna Chitaliyana chimodzi chofufuma, cha mawu akuluakulu okhudza ulemerero wa dziko, magazi, nsembe, ufumu wa Roma wakale. Mnyamatayu anali wanzeru kwambiri m'kalasi ndipo zomwe anam'patsa anameza zonse. Mu 1940, ali ndi zaka 18, anapambana mpikisano wa ophunzira a m'mayunivesite wotchedwa Littoriali, womwe unachitikira ku Bologna, ndipo gawo lomwe anapambanalo linali la chiphunzitso cha chipani cha Fascist. Ichi ndi chimodzi mwa zomwe ndimawalemekezera, sanabise. Anthu ambiri a m'badwo wawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha anangokhala chete ngati sanavalepo malaya akuda a chipanicho, koma iwo mu 1976 anatulutsa buku lonse lathunthu, Fiori italiani, lofotokoza mmene sukulu inatengera mwana wanzeru nkumudzaza mawu opanda kanthu mkati, iye osadziwa.

Amene anawatsegula maso ndi mphunzitsi wina wa ku Vicenza, a Antonio Giuriolo. Bambo amenewa anakana kutenga khadi ya chipani, nde sankaloledwa kuphunzitsa m'sukulu za boma, ankangophunzitsa ana paokha kuti apeze chakudya. Anyamata angapo ankasonkhana kwa iwo, kuwerenga, kukambirana, ndipo pang'onopang'ono zomwe anaphunzira kusukulu zija zinayamba kugumuka. Italy itasiya kumenya nkhondo kumbali ya Germany pa 8 September 1943, asilikali a Germany nkulanda kumpoto konse, a Meneghello omwe panthawiyo anali ku usilikali anabwerera kwawo nkulowa m'gulu la omenyera ufulu, aja amawatcha partigiani, m'mapiri a Asiago, pamodzi ndi anzawo ophunzira komanso mphunzitsi wawo uja. A Giuriolo sanaione nkhondo ikutha, anaphedwa mu December 1944 m'mapiri a kufupi ndi Bologna.

Nkhondo itatha mnyamatayu anamaliza digiri yake nkulowa ndale mu Partito d'Azione, kachipani ka anthu ophunzira komwe kankalota Italy yatsopano yachilungamo. Kachipaniko sikanapite patali, kanatha mu 1947, anthu sanakavotere. Chaka chomwecho a Meneghello anapeza sikolashipu ya British Council nkukwera ulendo wa ku Reading. Ulendo wake unali wa miyezi yowerengeka basi.

Reading si Oxford kapena Cambridge. Ndi tauni ya kumadzulo kwa London m'mbali mwa mtsinje wa Thames, yunivesite yake inali yaing'ono ndipo inali itangodziimira payokha mu 1926. England ya 1947 nayo inali yotopa, chakudya chogula ndi makuponi, malasha osowa, nyumba zozizira. Koma mnyamata wochokera m'dziko lomwe linakhala zaka 20 likukuwa anapeza kumeneko chinthu chomwe chinamudabwitsa, anthu ophunzira kwambiri akulankhula mosavuta, pulofesa akulemba chiganizo chomwe munthu wamba atha kumva, ndipo ukalemba zozungulira akufunsa mwaulemu kuti kwenikweni ukufuna kunena chiyani. Ku Italy komwe anachokera, kulemba zovuta kumva kunali ngati chizindikiro choti munthu ndi wozama. Iwo eni ankanena poyera kuti Chingerezi ndi chomwe chinawaphunzitsa kulemba momveka, ndipo kwa zaka zonse zotsatira ankadana kwambiri ndi kalembedwe kodzitukumula. Apa ndi pomwe ndimaima nkuganiza, chifukwa munthu anachita kuwoloka nyanja, kulowa m'chilankhulo cha eni, kuti achire matenda omwe anawatenga m'chilankhulo cha dziko lake lomwe.

Mu 1948 anakwatira Katia Bleier, mayi wachiyuda wochokera ku Yugoslavia, wolankhula Chihangare, yemwe anapulumuka ku Auschwitz, msasa womwe boma la Hitler linkapherako Ayuda. Ndizitchula izi chifukwa zikulowa mu ntchito yawo yomasulira. M'zaka za m'ma 1950 a Meneghello ankalemba mu Comunità, magazini ya Adriano Olivetti, yemwe uja wa fakitale ya mataipilaita ku Ivrea, ndipo ankasaina ndi dzina lobisika loti Ugo Varnai. Ntchito yawo inali youza Ataliyana zomwe zikutuluka m'mabuku a Chingerezi, ndipo dzina lomweli ankaligwiritsanso ntchito pomasulira mabuku kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chitaliyana. Mu 1953 ku London kunatuluka buku la Gerald Reitlinger, The Final Solution, limodzi mwa mabuku oyambirira kufotokoza mwatsatanetsatane, ndi zikalata ndi manambala, mmene Ayuda a ku Ulaya anaphedwera. M'Chitaliyana munalibe. A Meneghello analiwerenga lonse nkulifotokoza m'magawo atatu mu magazini ija, kuti anthu akwawo adziwe. Tangoganizani munthu akuwerenga masamba amenewo usiku, akusankha mawu a Chitaliyana oti aikepo, m'nyumba momwemo muli mkazi wake yemwe zimenezo anaziona ndi maso. Ndipo nthawi imeneyo ku Italy anthu ambiri sankafuna kumva nkhaniyi, kumbukirani kuti buku la Primo Levi lofotokoza za Auschwitz linakanidwa ndi kampani yosindikiza mabuku ya Einaudi, linatuluka mu 1947 ku kakampani kakang'ono, makope 2,500 okha, mpaka 1958 pomwe Einaudi inadzalitenga. Zomwe a Meneghello analemba zija zinadzasonkhanitsidwa kukhala kabuku mu 1994.

Kwa ine imeneyi ndi ntchito ya womasulira yeniyeni, ngakhale dzina lake lenileni silinaoneke papepala.

Tsopano za ku yunivesite, zomwe ndaona kuti anthu ambiri akamakamba za bambowa amangodumpha nkuthamangira ku mabuku awo. Atafika ku Reading kunalibe dipatimenti ya Chitaliyana. Anayamba kuphunzitsa ali mkati mwa dipatimenti ya Chingerezi, momwe munali a Donald Gordon, katswiri wa mabuku ndi zaluso za nyengo ya Renaissance yemwe ankaona kuti sungamvetse mabuku a Chingerezi a nthawi ya Shakespeare osadziwa za ku Italy, ndipo m'zaka zomwezo a Frank Kermode, katswiri wina wa mabuku a Chingerezi, nawo ankaphunzitsa pomwepo. Kagawo ka Chitaliyana kanakula pang'onopang'ono mpaka mu 1961 kanakhala dipatimenti yoima payokha, a Meneghello nkukhala mkulu wake kufikira pomwe anapuma pantchito mu 1980. Aliyense amene anakhalako pafupi ndi sukulu akudziwa kuti kumanga dipatimenti si nkhani yongokhala mu laibulale nkumawerenga Dante. Pali ma timetable, mayeso oti uchonge, misonkhano yosatha, kupempha ndalama, kusaka aphunzitsi, kunyengerera ana a zaka 18 omwe sanamvepo Chitaliyana kuti achikonde. Zaka pafupifupi 20 akuchita zimenezi. Ndipo sanafune kuti ikhale dipatimenti ya galamala ndi ndakatulo zokha, anafuna kuti wophunzira aidziwe Italy yonse, mbiri yake, ndale zake, zilankhulo zake. Nchifukwa chake kunabwera anthu ngati a Giulio Lepschy, katswiri wa sayansi ya zilankhulo wochokera ku Venice, komanso a Stuart Woolf, katswiri wa mbiri yakale, amene ndi omwe anamasulira buku la Primo Levi lija m'Chingerezi mu 1959. Kayunivesite kakang'ono kaja kanafika podziwika kuti ndi amodzi mwa malo abwino kwambiri ophunzirira za Italy ku Britain konse.

Sanali oyamba kuyenda njira imeneyi ayi. Antonio Panizzi anathawa ku Modena, ku Italy, komwe anadzamuweruza kuti aphedwe iye atachoka kale, nkudzakhala pulofesa wa Chitaliyana ku London mu 1828, kenako mkulu wa laibulale ya British Museum. A Carlo Dionisotti anafika ku England nthawi imodzimodzi ndi a Meneghello nkukhala zaka zambiri pa Bedford College ku London. Koma awa ankafufuza ndi kulemba za mabuku a ena. Chomwe chinachitika ku Reading nchosiyanako.

Chilimwe chilichonse sukulu ikatsekera, banjali linkabwerera ku Malo. Ndipo munthu uja amene chaka chonse wakhala akuphunzitsa Chitaliyana cha m'mabuku kwa ana olankhula Chingerezi, akafika kwawo nkumva anzake akale akucheza, khutu lake linayamba kugwira zinthu zomwe kale silinkagwira. Anayamba kulemba timanotsi, mawu awa, kanyimbo ka ana aka, dzina lachipongwe la uje. M'timanotsi timeneti ndi momwe munatuluka buku lawo loyamba mu 1963, ali ndi zaka 41, Libera nos a Malo. Mutu wakewo ndi mawu a Chilatini a kumapeto kwa pemphero la Atate Athu, paja timati mutipulumutse ku zoipa, koma poti tauni yawo ndi Malo, mawuwo akumvekanso ngati akunena za tauniyo. Ana a kumeneko ankapemphera Chilatini osachimva, nde ankachikhotetsera ku mawu omwe ankawadziwa, mpaka mapeto a pempheroli ankawamva ngati akupempha Mulungu kuti awapulumutse kuti asagwere mu ndowe za m'khola. Ine izi sindiziona ngati zoseketsa chabe, ndi mwana akuyesetsa kuti pemphero likhale ndi tanthauzo m'dziko lomwe iye akulidziwa.

Ganizo lawo lalikulu, mmene ndalimvera ine, ndi lakuti mawu omwe unawaphunzira uli mwana amakhala okhomereka pa chinthu chenichenicho, chifukwa chinthucho ndi dzina lake unazilandira nthawi imodzi, pomwe mawu a kusukulu amabwera pambuyo nkungoyala pamwamba. Anapereka chitsanzo cha kambalame. M'Chitaliyana cha m'buku la kusukulu ndi uccellino, ku Malo ndi oseleto. Dikishonale ikuuzani kuti ndi chinthu chimodzi. Koma iwo ankati ka m'buku kaja kali ngati kouma, diso lake ngati lagalasi, pomwe ka kumudzi ndi kamoyo, mwana anakaona, anakathamangitsa, anakagwirapo m'manja. Nditawerenga zimenezi ndinasiya kaye kompyuta, chifukwa vuto lomwe ndimalimbana nalo patebulo panga tsiku lililonse osatha kulifotokoza, munthu analifotokoza ndi kambalame kamodzi.

Chomwe chimandisangalatsa nchoti sanalembe bukulo m'chilankhulo cha kumudzi chokhachokha. Analilemba m'Chitaliyana chomveka bwino, chija Chingerezi chinawathandiza kuchisefa, nkumalowetsamo mawu a kumudzi pomwe Chitaliyana chalephera, apa ndi apo mawu a Chingerezi, ndipo zitatuzi zikakumana pa tsamba limodzi chilichonse chimaunikira chinzake. Uphunzitsi wawo uja sunachokemo m'bukumo, mukuoneka munthu wozolowera kuima kutsogolo kwa kalasi nkufotokoza liwu limodzi mpaka limveke, kuti linachokera kuti, limanenedwa liti, ndani amalinena. Ndiye ine sindigwirizana ndi maganizo oti ntchito ya ku yunivesite inkangowadyera nthawi yolemba. Zaka zophunzitsa alendo chilankhulo zija ndi zomwe zinanola khutu lomwe linakamva Malo.

Chaka chotsatira, 1964, anatulutsa I piccoli maestri, buku la nkhondo ya m'mapiri ija, ndipo namonso anakana kudzikweza. Mabuku ambiri a nthawi imeneyo ankajambula omenyera ufulu ngati ngwazi zosaopa kanthu, iwo analemba za ophunzira achichepere odzaza mabuku m'mutu, anjala, osadziwa bwino kumenya nkhondo, koma ofunitsitsa kuchita choyenera. Ena sanakondwe nazo poyamba. Bukuli linatuluka m'Chingerezi mu 1967, koma loyamba lija la Malo linadikira mpaka 2011 pomwe Frederika Randall analimasulira, zaka 48, ndipo sindikudabwa, chifukwa ungamasulire bwanji buku lomwe mtima wake uli pa kusiyana kwa mawu awiri omwe m'Chingerezi onse asanduka liwu limodzi?

Pali funso lomwe ndakhala ndikulitembenuza. Kodi sanathawe? Dziko lawo litangotuluka m'nkhondo, likufuna anthu ophunzira oti alimange, iwo nkunyamuka kukaphunzitsa ana a eni. Funsoli si lopepuka ndipo sindikufuna kulipeputsa, anzawo ena anatsala nkulimbana nazo komweko. Iwo moyo wa kunjawu anaupatsa dzina lawolawo, dispatrio, liwu lomwe anachita kupanga okha nkulisandutsa mutu wa buku la mu 1993, chifukwa mawu omwe analipo kale onena za kusamuka kapena kuthamangitsidwa kwanu sankakwanira. Palibe anawathamangitsa, ndipo sanadule mizu. Ankaona moyo wawo ngati uli ndi mbali ziwiri, Italy ndi England, maganizo nkumayenda uku ndi uku osaima. Ine pomwe ndafika ndikuona kuti zomwe anabweza kwawo sizochepa, anauza Ataliyana za kuphedwa kwa Ayuda nthawi yomwe ambiri ankatseka makutu, anaphunzitsa mibadwo ya ophunzira a ku Britain kuidziwa Italy, ndipo anatenga chilankhulo cha tauni yaing'ono chomwe palibe ankachilemba nkuchiika m'mabuku omwe lero akuwerengedwa m'mayunivesite. Koma ndikuvomerezanso kuti mtengo wake unalipo, zaka zambirimbiri munthu akumva chilankhulo cha ubwana wake miyezi iwiri kapena itatu yokha pachaka.

Atapuma pantchito anakakhala ku London, akulembabe, akusanja manotsi awo a zaka zambiri omwe anadzatuluka m'mavoliyumu atatu pakati pa 1999 ndi 2001. Koma kabuku komwe ndimakakonda koposa, ngakhale chilankhulo chake sindingachiwerenge, ndi ka mu 2002, ali ndi zaka 80. Anatenga zidutswa za Shakespeare, ndakatulo za Yeats ndi za alakatuli ena a Chingerezi nkuzimasulira, osati m'Chitaliyana ayi, m'chilankhulo cha kwawo ku Vicenza. Ndipo sanazitche zomasulira, anazitcha Trapianti, kutanthauza zowokera, monga mmene umazulira mbande pa nazale nkukaziwoka kumunda. Liwu limeneli landithandiza kuposa malangizo onse omwe ndinalandirapo pa ntchito yanga. Amene anawokerapo akudziwa kuti mbande suingoinyamula nkuiponya pena, umaizula mosamala ndi kadothi kake, ukaiwoka imayamba yafota kaye ngati yafa, ndipo kuti igwire zimadalira nthaka yomwe waiikamo. Bambowa ankakhulupirira kuti nthaka ya chilankhulo cha kumudzi, chija sukulu inkachiona ngati cha anthu osaphunzira, ndi yachonde mokwanira kulandira Shakespeare, mwinanso nthawi zina kuposa Chitaliyana cha m'mabuku, chifukwa mawu ake ndi afupi ndi thupi, afupi ndi zinthu zogwirika.

Sabata yathayi ndinali ndi chiganizo china chomwe chinandivuta kwa ola lathunthu, ndinali nditachilemba molondola koma chinali chouma gwa. Ndinachifufuta nkudzifunsa kuti munthu wamkulu wosapita kusukulu akanati anene zimenezi kwa mdzukulu wake akanati bwanji, ndipo mawu anabwera, afupiafupi, osavuta. Ndinakumbukira oseleto.

Kumapeto kwa moyo wawo a Meneghello anabwerera ku Veneto nkukhazikika ku Thiene. Mayi Katia anamwalira mu 2004. Mu June 2007 yunivesite ya Palermo inapatsa a Meneghello digiri yaulemu, anapita okha kukalankhula kumeneko, ndipo patangopita masiku ochepa, pa 26 June, anamwalira kunyumba kwawo ku Thiene, makilomita owerengeka kuchokera ku Malo.